Madzi Amene Ndinameza Tsiku Lobwerera Dzuwa

Anthu akamva kuti ndinakhalako ku Bulawayo amandifunsa za sitima ndi magetsi. Koma chimene thupi langa limakumbukira ndi kuzizira. Kwathu ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kwa kumeneko n'kwina: kouma, kobwera ndi mphepo ya fumbi, kong'amba milomo ndi zidendene mpaka magazi. Eni dziko ankakutcha makhaza, ndipo ife tinangolitola dzinalo, poti lathu linkachepa.

Ndinachoka kumudzi nditasiya mkazi ndi mwana wamkazi woyamwa. Ndinawauza kuti chimanga cha chaka chachiwiri tidzakolola limodzi. Ine ndi anzanga ena tinayenda wapansi kudzera ku Tete, ndipo nditazungulirazungulira m'mafamu ndinakapeza ntchito pamalo ena ochekera matabwa cha ku Donnington. Ankacheka mitengo ya mkusi yobwera pa sitima. Ine ndinali wolandira matabwa kuseri kwa macheka aakulu, pamene utuchi wofiira unkakulowa m'mphuno mpaka malovu kusanduka ngati magazi. Tinkagona m'komboni ya pomwepo, nyumba zazitali za malata, mbaula pakati pa chipinda. Chipinda chathu chinali cha ochokera ku Nyasaland okhaokha, ndipo tinkakhala ngati ana a mayi mmodzi. Wina akadwala, bulangete lako linali lake.

Mwa ife munali Yotamu, wa kwathu konko, kutsidya kwa Linthipe. Anaphunzirako ku mishoni, ndipo ndiye ankatilembera makalata Lamulungu masana. Anali munthu wofatsa. Ukamuuza mawu aukali oti alembere mkazi wako, ankaimika pensulo n'kumakuyang'ana mpaka uwabweze wekha. Anabwera ku Bulawayo ndi mlamu wake Lefani, amene mlongo wake ndiye anali mkazi wa Yotamu. Lefani anali wosiyana naye kutali: wamtali, wa mawu aakulu, wosachedwa kupsa mtima.

Chaka china, nyengo yozizira itangoyamba, macheka anadula zala za mnzathu wina chifukwa manja ake anali atauma ndi makhaza a m'mawa. Tinapangana m'chipinda kuti tilembere mzungu wamkulu, kupempha mabulangete, chotchinga pa macheka, komanso kuti tisamayambe ntchito chisanu chisanasungunuke. Yotamu analemba ndi dzanja lamanzere kuti asazindikirike, dzina sanaikepo, ndipo kalatayo tinailowetsa pansi pa chitseko cha ofesi. Sabata isanathe kunabwera apolisi a m'tauni. Sanafunse munthu aliyense. Analunjika pamene Yotamu ankaunjika matabwa, namutenga. Tinamva pambuyo pake kuti situpa yake, chiphaso chimene munthu sankayenda popanda icho, anaidinda kuti ndi wosokoneza, namukweza sitima kuti asadzapondenso m'dzikomo.

Kuyambira tsiku limenelo chipinda chathu chinasanduka china. Apolisi aja sakanalunjika chotero popanda wowalozera, ndipo za kalatayo tinkadziwa ndife tokha. Munthu akachedwa kuchimbudzi, ena ankayang'anana. Amene foromani wamupatsa jekete yakutha ankaibisa pansi pa mphasa, kulola kunjenjemera kusiyana n'kufunsidwa kuti wailandira chifukwa chiyani. Nthabwala zinatha. Tinkaothabe mbaula imodzi, koma aliyense ankayang'ana manja a mnzake.

Ine ndinali ndi changa mumtima, ndipo ndichinene pano osazungulira. Ndinali nditapeza mkazi ku Makokoba, dera la m'tauni momwemo, dzina lake MaNcube, wochapa zovala m'nyumba za azungu. Kuti ndizikagona kumeneko ndinkadalira Mpofu, mlonda wa pageti la komboni, munthu wansangala amene ankanditsinzinira diso. Tsiku lina dzuwa likulowa, kalata ija itangoponyedwa, ndinaima pa mbaula yake kuotha manja. Iye anayamba kutamanda amene analemba kalatayo. Anati anthu a ku Nyasaland sukulu ili m'mutu, anati ngakhale mzungu wavomereza kuti Chingerezi chake chikuposa cha kalaliki wa mu ofesi. Ine mtima unakwera ngati akutamanda ine. Ndinati, "Yotamu wathu uja amalemba ndi manja onse awiri."

Basi, mawu anga anali omwewo. Mpofu anaseka nanditsegulira geti. Patapita masiku atatu Yotamu anatengedwa.

Ndinkadziuza kuti mwina si ine. Mwina mzungu anadziwa kale, poti wodziwa kulemba m'komboni sabisika. Koma tsiku lililonse ndikadutsa pageti, Mpofu ankandimwetulira mwa mtundu wina.

Maso a anthu anakagwera pa a Mbewe. Anali nkhalamba ya ku Ntchisi, mtchona weniweni, amene anachoka kwawo ena mwa ife tisanabadwe. Ntchito yawo inali yonola macheka, ndipo ankagwira okha m'kashedi koyandikana ndi ofesi. Foromani ankawatcha madala, nthawi zina n'kuwasiyira tiyi m'chitini. Sankapita kutchalitchi, sankapita kumzikiti, kalata sankalembetsa kapena kulandira. Chimene chinawonjezera mlandu n'chakuti nyengo imeneyo ankadzuka belu lisanalire, n'kutuluka mwakachetechete, n'kubwera osanena kumene anali.

Lefani anati wina awatsatire. Ine ndinadzipereka mawu ake asanathe n'komwe. Ndinaona akundiyang'ana kanthawi, koma anangoti chabwino.

Ndinawatsatira masiku anayi, ndikubisala kuseri kwa milu ya matabwa. Ankapita kumbuyo kwa shedi yawo, pafupi ndi mpanda wa waya, n'kuima atafunda bulangete, nkhope kum'mawa. Dzuwa likangosuzumira, ankatembenuka n'kuyang'ana pamene chithunzithunzi cha mzati wa mpanda chagwera pa lata la shedi, n'kukandapo mzere ndi msomali. Akatero ankapita. Ndinakayang'ana pafupi: mizere inalipo yambirimbiri. Ndipo chapomwepo panali pobooka pa waya, pamene anzathu ena ogona kunja ankalowera m'mawa.

Ndinakauza anzanga za mizere ndi za pobooka paja. Za dzuwa ndi chithunzithunzi sindinanene. Lefani anamenya bondo nati mzere uliwonse ndi munthu, nkhalambayo ikuwerenga olowera pawaya n'kukapereka ku ofesi. Anapangana kuti Lamulungu adzawatengere kutchire kuseri kwa njanji, akawafunse ndi ndodo. Ine ndinavomereza nawo. Usandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinkangomva kupepuka kuti maso achoka pa ine.

Koma Lachisanu titaweruka, a Mbewe analankhula okha, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ana anga, dzuwa lafika pamalire ake. Lamulungu m'mawa libwerera. Zaka zonsezi ndakhala ndikulilandira ndekha, koma chaka chino nyumba ino yadwala. Ndikupempha tidzazimitse mbaula, tidzatole phulusa lonse, mudzanditsate kuseri kwa shedi kusanache."

Atatuluka, chipinda chinadzaza manong'onong'o. Ena anati ndi msampha, akufuna tisonkhane malo amodzi kuti apolisi adzatigwire ngati ochita msonkhano. Ena anati ndi mankhwala, akufuna atitseke pakamwa, ndipo aliyense asadzalawe kanthu kochokera m'manja mwawo. Wina anafunsa kuti munthu wamutu wake angazimitse bwanji moto m'mwezi wa Juni. Lefani ndiye anadula nkhani. Anati tipite, tione pamene bodza lawo likathere, ndodo tidzabise m'mabulangete, ndipo mmodzi adzakwere pamulu wa matabwa kuyang'ana njira ya kugeti.

Lamulungu tinadzuka kum'mawa kukufiira. Tinathira mchenga pa mbaula, ndipo kuzizira kunalowa m'chipinda ngati kunali kudikira pakhomo. Tinanyamula phulusa m'zitini. Udzu unali woyera ndi chisanu, ukulira pansi pa mapazi. A Mbewe anatitsogolera kaye pamene njira ya kukomboni inkakumana ndi ya kumacheka, natiuza tikhuthule phulusa pamphambanopo. Kenako tinapita kuseri kwa shedi. Anali atakonzeratu ndowa ya madzi, chikho, timitengo tiwiri topekera moto ndi ndowe zouma za bulu.

Anatiuza kuti bambo awo anali osula makasu m'phiri la kwawo. Chaka chilichonse ankayang'ana pamene dzuwa likutulukira. Likamasendera kumpoto masiku amafupika, mpaka limafika paphewa pa phiri lina n'kuima pamenepo masiku angapo ngati latopa. Pamenepo bambo awo ankazimitsa moto wa pachipala, kutaya phulusa lakale, n'kupeka moto watsopano. Koma asanaupeke, aliyense wa pabanjapo ankanena chimene wasunga mumtima, n'kulavula madzi, kuti moto watsopano usapeze zakale. Anati ku Bulawayo kulibe phiri loti n'kuyezerapo, n'chifukwa chake anasankha mzati ndi lata.

Dzuwa linatuluka tikuona. Chithunzithunzi cha mzati chinagwera pa mzere wa dzulo lake ndendende. Anatisonyeza mmene mizere yoyamba inatalikirana, kenako n'kumayandikana, mpaka yomaliza kukwerana. Pamwamba pake panali mizere ina, ya zaka zam'mbuyo. Lefani anayandikira, napaka chala pamenepo. Chala chinabwera ndi dzimbiri. Mizere imeneyo inakandidwa Yotamu asanafike n'komwe m'dzikomo.

Lefani anatembenukira kwa ine, koma funso analiponya kwa nkhalamba. "Za dzuwa tamva, a Mbewe. Nanga mlamu wanga anamugulitsa ndani?"

A Mbewe anatunga madzi m'chikho. "Sindikudziwa, mwana wanga, ndipo si ine. Ndodo zimene mwabisazo ndaziona, sindikukwiya nazo. Changa ndi ichi: mayi anga atamwalira uthenga unandipeza, ine sindinapite, chifukwa ndinkachita manyazi kufika chimanjamanja. Chaka chilichonse ndimanena chomwechi."

Anamwa, nalavula madziwo pansi. Kenako anatambasula chikho, nati si mwavi, sapha munthu, ndi madzi a pampopi omwe timamwa tonse.

Chikho chinakhala m'malere nthawi yaitali. Amene anachilandira anali mnzathu uja woduka zala, poti iye analibe china choopa. Ananena kuti wakhala akusungira chidani amene anali naye pa macheka tsiku lija, ngakhale akudziwa kuti sanalakwe. Analavula. Pambuyo pake chikho chinayenda. Wina anaulula kuti ndiye anaba sopo amene tinakanganirana mwezi wathunthu. Wina anati anauza kwawo kuti ndi kalaliki pamene amasesa utuchi. Ena tinaseka, kuseka koyamba chichokereni Yotamu. Yemwe anali pamulu wa matabwa anatsika yekha, poona kuti kugeti kulibe kanthu.

Chikho chitafika kwa Lefani, munthu wamkulu uja analira. Anati analonjeza mlongo wake kuti amusungira mwamuna, ndipo walephera. Anatinso dzulo lake la tsiku lomwe Yotamu anatengedwa anakangana naye kwambiri, namuuza kuti kudziona wophunzira kudzamupweteka, ndipo mawu amenewo ndiwo anali omaliza pakati pawo.

Kenako chikho chinafika kwa ine. Ndinati ndili ndi mkazi ku Makokoba, ndipo papita zaka osalembera wa kumudzi. Zinali zoona, ndipo anzanga anagwedeza mitu mondimvera chisoni. Ndinaika chikho pakamwa. Madzi anatsika okha. Ndinawerama n'kuchita ngati ndalavula.

A Mbewe anapeka moto. Zinatenga nthawi, thukuta likutsika pamphumi pawo kunja kukuzizira chonchija, mpaka utsi unatuluka pandowe paja. Tinaunyamula pachidutswa cha lata kupita nawo kuchipinda. Tsiku limenelo tinasesa, tinachapa mabulangete, tinametana tsitsi, tinaotcha mbatata pamoto watsopano. Ndodo zija tinazisonkhezera pa mbaula. Masana anthu anaimba nyimbo za kwawo, ndipo a Mbewe anavina pang'ono, mwendo umodzi ukukoka. Ndinaona anzanga akupepukidwa ngati odwala amene malungo awasiya. Ine ndinaimba nawo mokweza kuposa onse.

Koma kukayikirana sikufa tsiku limodzi. Kunachoka pa nkhalamba n'kuyamba kufunafuna pena pokhala. Pasanathe mwezi ndinamva ena akunong'ona kuti amene amakuwa kwambiri pamaliro ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa. Kodi si Lefani anavomera yekha kuti anakangana ndi mlamu wake dzulo lake? Kodi si iye anafulumira kuloza nkhalamba? Palibe anamufunsa pamaso. Ankangosiya kulankhula iye akalowa. Lefani anapirira miyezi ingapo, kenako anasiya ntchito n'kukalowa kwina, ndipo nditamva za iye komaliza anali atapeza kanyumba ku Mzilikazi, mu Bulawayo momwemo. Anthu obwerera kumudzi ananyamula nkhaniyo pamodzi ndi masutikesi awo. Ine ndinaona zonsezi, pakamwa ndili chitsekere.

Mwambo uja sunathe. Chaka chotsatira anabwera ndi a m'zipinda zina, ngakhale Amandebele awiri. Ine chaka chilichonse ndinkapeza kanthu kakang'ono konena. Chaka chachitatu manja a a Mbewe anali atafooka, ndipo anandisankha ine kuti ndipeke moto. Anthu atapita nawo kuchipinda, tinatsala awiri tikutola timitengo.

"Achimwene," anatero osandiyang'ana, "aka n'kachitatu mukumeza madzi anga."

Ndinapitiriza kutola timitengo, iwo nawonjezera:

"Sindikufunsani kuti n'chiyani. Si ine mwini wake wa nkhaniyo. Koma mlandu suwola, ndipo ine ndikudziwa mmene munthu amakalambira nawo. Musadikire kufika msinkhu wangawu."

Sabata yomweyo ndinapempha kuti andimasule ntchito. MaNcube sanalire. Anati ankadziwa kuti amuna a ku Nyasaland amakhala ndi phazi limodzi panja. Ndinaganiza zopita kaye ku Mzilikazi kukaonana ndi Lefani, ndinafika mpaka pamsewu wake, koma mantha anandibweza. Ndinadziuza kuti woyamba kumva ayenera kukhala Yotamu.

Kumudzi ndinapeza mayi anga ali kumanda. Mkazi wanga anali atakwatiwa ndi wina, ali ndi ana awiri, ndipo sindikanamuimba mlandu. Mwana wanga anagwada patali nandipatsa moni wa mlendo. Amalume anandilandira atakhala pansi, nafunsa ngati ndabwera kudzakhala kapena kudzaonetsa nsapato.

Tsiku lachitatu ndinawoloka Linthipe. Ndinapita kumudzi kwa mkazi wa Yotamu, kumene iye anali mkamwini, koma anthu anandiuza mwachidule kuti Yotamuyo anachokako kale. Ndinakamupeza kwawo kwa mayi ake, akuumba njerwa yekha. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Sanandipatse dzanja. Anandifunsa amene wandituma, ngati ndi aboma, ndiponso chifukwa chake munthu wa ku Bulawayo angamufunefune patapita zaka zonsezi. Anati chibwerereni, mlendo aliyense wovala jekete amamuona ngati wabwera ndi pepala.

Ndinamufunsa za banja lake. Anati linatha. Anthu obwera kuchokera kukomboni anamuuza kuti amene anamugulitsa ndi Lefani, ndipo iye sakanatha kudya m'nyumba ya mlongo wa munthu wotero. ANabanda, mkazi wakeyo, anakana mpaka mapeto kuti mlongo wawo sangachite zimenezo, ndipo kukanako ndiko kunamukwiyitsa kwambiri. Ananyamula mphasa yake n'kusiya ana atatu.

Ndinakhala pa njerwa youma n'kumuuza zonse: za MaNcube, za geti, za Mpofu, ndi mawu anga aja monga ndinawanenera. Ndinamuuzanso kuti ndinaona nkhaniyo ikugwera Lefani ndipo ndinakhala chete.

Yotamu sananditukwane. Anapitiriza kusalaza dothi m'chikombole mpaka njerwa imeneyo inatha, naikhuthula pamzere. Anasamba m'manja. Kenako anati, "Nyamukani. Zimenezi mukazinenenso pamaso pa aNabanda ndi abale awo."

Tinanyamuka. Tinawapeza aNabanda akupeta mapira pakhonde, ndipo atationa sanaimirire. Anaitana amalume awo ndi achemwali awo, anthu anakhala pansi, ine ndinabwereza zonse kachiwiri. Kachiwiriko kanali kowawa kuposa koyamba, chifukwa ana a Yotamu anali chapomwepo akumva.

Nditamaliza, amalume aja anayamba kulankhula za kukonza zinthu, koma aNabanda anawadula. Sanayang'ane ine. Anayang'ana Yotamu.

"Ine ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa kuti si Lefani. Nthawi yonseyi ndinakuuzani. Simunandimvere ine amene ndinakuberekerani ana. Lero mwamvera mlendo tsiku limodzi."

Yotamu anaweramitsa mutu. Anayesa kunena kanthu, koma iwo anali atatola kale lichero lawo. Analowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka tinatsazika.

Pobwerera Yotamu anali patsogolo, ine pambuyo. Tinawoloka dambo, tinadutsa minda, dzuwa likupendeka. Ndinkayembekeza kuti atembenuka, andimenye kapena anditukwane, ndipo ndikanalandira. Titafika pamene njira ya kwathu imapatukira, anaima, naloza ndi chibwano.

"Yanu ndi iyo," anatero.

Ndinaitsata. Nditayenda pang'ono ndinacheuka. Iye sanalowere njira ya kwa mayi ake. Anali atatembenuka, akubwerera pang'onopang'ono kumene tinachokera.